Ndiwo Zowawa Mchere

Ana inu, iwe Fanesi ndi iwe Witinesi, buku lanu lija ndamaliza, bwerani mudzatenge lisanandidwalitse. Ndaliwerenga masabata atatu pakhonde pano, chala pamzere, poti maso anga ndi sukulu yanga zonse zinathera panjira. Unandisiyira ndiwe Fanesi, maso ali psuu, uti, "Agogo, ndi nkhani ya nkhondo yanu ija ya Jeremani, mukalira." Sindinalire. Ndakwiya, ndipo mkwiyo wake sunathe. Ndikamalankhula pakamwa mumandidula ndi phwete lanu, ndiye ndatenga kope limene munasiya losatha ili kuti muwerenge muli chete.

Wolembayo Chichewa amachidziwa, zimenezo sindikana. Koma taonani zimene waika. Mnyamata ndi msilikali, yunifomu yowala, lipenga likulira pomuperekeza. Namwali wake ndi wophunzira, amalemberana makalata onunkhira. Mnyamata uja chipolopolo chimupeza pachifuwa penipeni, ngati chinachita kufunsa njira, ndipo amwalira akutchula dzina la namwali. Kalata ibwera. Namwali akhala pansi pa mtengo nkumalira, masamba khumi ndi awiri akungolira, mudzi wonse kulira naye, apongozi ake nkumamupukuta misozi. Ine ndimati nditsegule tsamba lina mwina apita kukatunga madzi. Ayi, akulira. Amamuphikira ndani? Munda wake amalima ndani? Ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anamuloza chala.

Chandipweteka kwambiri ndi kamzere kamodzi chapakati pa buku. Akuti pambuyo pa asilikali pankabwera amtengatenga ndi akatundu. Basi, kamzere katha, tabwerera ku lipenga. Ana inu, agogo anu aamuna a Naphiyo ali m'kamzere kameneko. Ndinaikapo chala tsiku lonse.

Inu mumandidziwa ngati nkhalamba yowawitsa mchere m'ndiwo. Iwe Witinesi unanena pamaso pa alendo kuti agogo akaphika nandolo mbuzi zimabwera kudzanyambita mbale. Ndinamva, makutu alipo. Lero udziwa kumene dzanja limeneli linachokera.

Ine sindinabadwire kuno. Ndinawoloka Ruo ndili kamtsikana, m'gulu la anthu othawa Apwitikizi, mayi anga atasenza mphika ndi mbewu ya kalongonda. Tinakhala pa malo a mzungu wina kufupi ndi Thuchila, kulipira malo ndi thangata. Mayi sanakhalitse, anatisiya chaka chachiwiri. Anandilera mayi aang'ono, amene pambuyo pake anabwerera kwawo. Sukulu ndinalowako pang'ono ya mishoni, yofolera udzu, sileti imodzi anthu atatu. Aphunzitsi ankati miyambo ya makolo ndi mdima. Akuluakulu kumudzi ankati ukaiphwanya ufa. Ine ndinkaopa onse awiri, ndipo mpaka lero sindinasankhe.

A Naphiyo sanandilembere kalata, sankadziwa ndi A yemwe. Anandifunsira ndi mchere. Musaseke. Inu mchere mumagula m'sitolo, woyera ngati shuga, nkumautaya pansi. Ife tinkadya chidulo, madzi a phulusa, ndipo mchere weniweni unkachokera ku Chilwa, wotuwa, wamchenga, womanga m'masamba. Munthu ankayenda masiku ndithu atasenza nandolo kukasinthanitsa. A Naphiyo anapita kawiri. Phukusi loyamba anapatsa mayi aang'ono aja pondipempha. Lachiwiri anakatenga ndili ndi pakati, nkulipachika kudenga pamwamba pa moto kuti lisanyowe, ati, "Ili ndi la mwana akadzayamba kudya." Mwambo wathu mwamuna ndiye amapita kwa mkazi, koma ine kwathu kunalibe, choncho ndinakhala pakhomo pa apongozi. Gwirani pamenepa. Ndinalibe malume, ndinalibe mchimwene, ndinalibe wondiyankhulira.

Tsopano ndikuuzeni za azimayi, mwakula. Mkazi akachira, sathira mchere m'ndiwo, amachita kuthiriridwa. Amadikira mpaka mwambo wotenga mwana, umene bambo ndi mayi amachita kuti mwana akhwime. Anandichiritsa mayi ena okalamba, a Namalira. Atadula mchombo wa mayi anu Elina anandigwira khutu nati, "Iwe, mchere usaukhudze mpaka ine ndidzakuuze. Ukaukhudza, mwanayu ndi mwamuna wako uwadula." Ine nkuti, "Ndamva, agogo."

Mwana ali ndi masabata atatu, belu la kuesiteti linalira m'mawa monga masiku onse. Amuna anapita ndi makasu awo, nkukapeza amesenjala a ku Boma akuwadikira ndi zingwe. Ndinamva akazi akukuwa, ndinathamanga, mwana kumsana, thupi lisanabwerere, ndinawapeza pamsewu atawamanga m'chiuno ngati mbuzi zopita kumsika, a Naphiyo ali pambuyo pa akulu awo a Makwinja. Lipenga kunalibe. Kunali kapitawo ndi chikoti. Ndinang'amba m'mphepete mwa chilundu changa nkuwaponyera kuti akapinde nkhata, poti ndinamva kuti akukasenza mabokosi a zipolopolo. Mawu otsiriza a agogo anu, lembani m'buku ngati mukufuna, anali akuti, "Bwerera, mwanayo apsa ndi dzuwa."

Mwana anatsala wosatengedwa. Ana inu, mantha amene ndinali nawo chaka chimenecho simungawadziwe. Mwana wotero ndi wamuwisi, munthu wapabanja akangomunyamula akhoza kudwala. Ndinkagona naye m'manja, kulima naye kumsana, mkazi akati, "Tabwera naye ndimuone," ine nkunamizira kuti wagona. Ndinkayang'ana liwombo lake kakhumi pa tsiku. Akatsokomola kamodzi ndinkawerenga anthu onse amene adutsa pakhomo kuyambira dzulo. Apongozi anaona kuti mwana wawo sabwera msanga, anapita kwa sing'anga nkubwera ndi kachingwe kamankhwala, nkumumanga Elina m'chiuno. Anangoti, "Wakhwima tsopano." Za mchere sananene. Iwo ankayesa ndikudziwa. Ine ndinkadikira a Namalira, ndipo a Namalira anali atasamukira kwa mwana wawo ku Milonde mvula isanagwe, nkukafera konko.

Mudzati bwanji osafunsa. Kufunsa apongozi? Inu a masiku ano mumakhala nawo pampando umodzi nkumamwa tiyi. Ife tikakumana nawo panjira tinkapatukira kutchire. Ndiye tsiku ndi tsiku ndinkanyamula kamphika kanga, kugwada pakhomo pawo, maso pansi, nkuti, "Andithirire." Iwo nkuthira. Dzinja linatha, masika anatha, chisanu cha kuphiri chinabwera nkupita, ine ndili "andithirire". Ndinkayesa ndikusunga moyo wa mwamuna wanga. Sindinadziwe kuti mwana akakhwima, mkazi amapempha kuthiriridwa mchere pa zifukwa ziwiri zokha, akakhala kumwezi, kapena akakhala kuti wayenda ndi mwamuna wina. Ine ndinali woyamwitsa, wosapita kumwezi. Apongozi ankandiyang'ana monga ine ndinkayang'anira mwana, ndipo ankasunga mumtima.

A Makwinja anabwera okha nyengo yotentha, mitengo itayamba kuphuka. Ndinawaona ali patali, akuyenda ngati munthu wowoloka matope, atafunda bulangete la kunkhondo dzuwa lili pamutu. Anakhala pansi pabwalo la amayi awo, natulutsa kansanza kakuda ndi thukuta, kopindapinda. Ndinakazindikira. Kalata yanga inali imeneyo.

Apongozi anafunsa, "Anamuwombera?"

"Iyayi, amayi. Anadwala panjira, kutsidya uko."

"Anadwala chiyani?"

"Anatupa miyendo. Kenaka nkhope. Nkumatsokomola."

Namwali wa m'buku uja apa ndiye akanayamba masamba ake khumi ndi awiri. Ine ndinatsegula pakamwa kuti ndilire, nkuona kuti palibe akulira, onse akuyang'ana ine. Kutupa miyendo ndi chifuwa, kwathu kuno dzina lake ndi limodzi, tsempho. Mwamuna akakhala paulendo mkazi nkuchita zachisawawa kumudzi, amati mwamunayo amatupa nkufa. Apongozi anayankhula motsitsa, ngati akuuza nkhuku. "Chaka chathunthu osakhudza mchere. Ndimadabwa ine."

M'mawa mwake anaitana malume awo a Naphiyo ndi abale ena, nkukhala pabwalo pomwepo. Mlandu unali wachidule. Ndikapezeka wolakwa, sandimeta, sandisudzula, andipirikitsa, ndipo mwana atsala. Kukanakhala kwathu mwana ndi wa mayi, palibe akanayerekeza. Koma ine kwathu kunali kuti? Malume aja ananena poyera, "Mbewu ya mphwathu siingaleredwe ndi dzanja limene lamupha." Elina anali atayamba kuimirira chogwira. Ndinamumanga kumsana mfundo ziwiri, mpaka analira ndi kuthina.

Wolusa kuposa onse anali a Nachuma, akazi awo a Makwinja, amene ankakhala kwa amayi awo kutsidya kwa kamtsinje. Iwo mwamuna wawo anali atabwera, ndiye pakamwa panali mphamvu.

"Tamuonani wakusukulu! Amayesa sitiona. Ife amuna athu anapita tsiku limodzi, chingwe chimodzi, bwanji wanga wabwera? Tanena, ndi kapitawo kapena ndi aphunzitsi ako aja?"

"Sindinayende ndi munthu ine."

"Nanga mchere umauthawiranji? Umaluma?"

Anthu anaseka. Ndinati a Namalira anandiletsa. A Nachuma nkuti, "Eya, mboni yake ndi ya kumanda. Wachenjera mwanayu." Anasekanso. Ndinamva mwana akundikoka tsitsi, ndinaona apongozi atatambasula kale nsalu yoti amuberekere.

Koma munthu wamantha amaona zambiri, ana inu. Chaka chonse ntchito yanga inali kuyang'ana. Ndinaona kuti a Makwinja sanayankhulepo chiyambire, maso ali pansi. Ndinaona kuti kukutentha koti nkhuku zayasama, koma iwo afunditsa miyendo bulangete mpaka kumapazi. Ndinakumbukira mayendedwe aja a dzulo. Zimene ndinachita sindinaziganize, ndipo mkazi sachita zimenezo kwa akulu a mwamuna wake. Ndinakwawa ndi maondo kudutsa pakati pa bwalo, ndinagwira bulangete lija nkulikoka.

Miyendo inali ngati mitondo iwiri, yonyezimira, zala zitamira. Ndinaika chala changa chachikulu pamsongolo nkukanikiza. Nditachotsa, dzenje linatsala pomwepo, osabwerera.

A Nachuma anakuwa, "Wamisala uyu! Mukumuona?"

Ine ndinangoti, "Alamu, awa wawadula ndani?"

A Nachuma anayang'ana dzenje lija, nkuyang'ana apongozi, nkhope yawo nkutuwa ngati phulusa. A Nachuma ankadziwa, anali atawasambitsa amuna awo dzulo lake. A Makwinja anabisa miyendo kuti mlandu umene unali pa ine usagwere mkazi wawo. Ankamukonda. Chikondi cha m'nkhondo chimene ine ndinachiona ndi maso ndi chimenecho, munthu kukhala chete mwana wa mng'ono wake akulandidwa, kuti mkazi wake apulumuke. Wolemba wanu akanachiika pati?

Malume aja anati, "Makwinja, yankhula."

Anayankhula ngati mawu akuchokera m'chitsime. "Tonse tinatupa, amalume. Gulu lonse. Chakudya chinali kampunga m'dzanja, kosapsa, kopanda ndiwo, tsiku lina osalandira. Katundu yemweyo. Anatupa a ku Likhubula, anatupa Ayao a ku Chiradzulu. Panali tianyamata tosakwatira, tosadziwa ndi khomo la mkazi lomwe, tinatupa nkufa. Amenewo anawadula ndani? Naphiyo ankandigawira chake poti ine ndinayamba kufooka. Musiyeni mlamu wanga."

Atatero anadziphimba kumaso ndi bulangete lija.

Mukuyesa anandipepesa? Mwawerenga mabuku ambiri. Apongozi anandiyang'ana, kenaka anafunsa, ndipo kanali koyamba kundiyankhula maso ndi maso.

"Iwe, chaka chonse unkadikira a Namalira?"

"Inde."

"Ngakhale nditamanga mwana chingwe?"

"Simunanene za mchere."

"Mwana wopusa iwe," anatero. Sindikudziwa ngati ankanena ine ndekha.

Anadzuka, nalowa m'nyumba mwanga osaodira, nkutuluka ndi phukusi lija la kudenga, lakuda bii ndi mwaye, losamasula chipachikire mwana wawo. Pamoto panali mphika wa nandolo wophikira anthu obwera kumlandu. Analiika patsogolo panga nati, "Thira. Ngati uli ndi kanthu, tidya tonse tife, ndiyambe ine."

Ndinamasula masamba aja akuthetheka m'manja. Chaka chathunthu ndisanagwire mchere, muyeso ndinali nditaiwala, anthu onse maso pa ine, mwana akulira kumsana, ndinatapa dzanja lodzaza nkuponya, nkutapanso, sindikudziwa chifukwa chake, mwina kuti aone kuti sindikuopa. Ndiwo zimenezo galu sakanadya. Apongozi anapakula, anatema mbamu, nasunsa, natafuna pang'onopang'ono nkhope osasintha. Malume aja atalawa anafuna kulavula. Apongozi anati, "Mezani. Mchere uwu anasenza mwana wanga kuchokera ku Chilwa. Msuzi usatsale." Anadya onse, ndi a Nachuma omwe, misozi ili mbwee, wina sakanadziwa ngati ndi maliro kapena mchere. Pomaliza apongozi anaviika chala mumsuzi nkumulawitsa Elina ali kumsana kwanga. Mwana anakwinya nkhope, nalavula. Apongozi sanamumasule kumsana kwanga. Nsalu yawo ija anaipinda nkukhalira.

Tsiku lotsatira tinaika thunthu la nthochi m'manda m'malo mwa agogo anu, pamodzi ndi kansanza kaja. Ndinalira theka la tsiku, madzulo ndinapita kukatunga madzi. A Makwinja sanafike nthawi yokolola. Pamaliro awo palibe anatchula tsempho, ndipo ndiwo za anthu ndinathira mchere ndine, a Nachuma atachita kundipempha.

Kuti ndisamunamizire wolemba wanu, pali tsamba limodzi limene wanena zoona. Ndi paja namwali ayesa kukumbukira nkhope ya mnyamata wake, nkhope nkukana kubwera, iye nkudzikwiyira. Pamenepo ndinatseka buku nkupita kukasesa pabwalo posesa kale. Nkhope ya a Naphiyo inandithawa kalekale. Chimene ndimaona ndi msana wawo, ndi chingwe m'chiuno. Wolembayo wina wake anamuuza, mwina agogo ake. Koma akanakhala nawo pansi nthawi yaitali, akanamuuzanso kuti akazi a nthawi imeneyo sitinkaopa kalata ya imfa yokha. Tinkaopa tsiku lotsatira, abale akakhala pabwalo nkuyamba kufunsa kuti wamupha ndani. Nkhondo inali ya azungu, njala inali ya azungu, koma pamlandu anakhalapo ndi mtsikana wa mwana kumsana. Zimenezo palibe anazilemba, ndipo amene tikuzidziwa tatsala owerengeka.

Iwe Fanesi, lira ndithu namwali wako, sindikuletsa, misozi ndi yako. Koma buku ndikubwezera lili ndi chizindikiro cha pensulo pa kamzere kaja ka amtengatenga, ndipo m'mbali mwake ndalembamo dzina la agogo ako ndi la a Makwinja. Aphunzitsi akakakufunsa wawononga buku ndani, ukanene kuti ndine, abwere adzandifunse.

Ndipo iwe Witinesi, mukabwera pa holide ndidzaphika nandolo. Mayi ako analawa msuzi woyamba uja, analavula, koma anakulira pamsana panga. Iwe udzadya, ndipo msuzi usadzatsale.